Cifukwa Cake Magazi Amaundana Pamwamba pa Phiri

Mukadziceka ndi mpeni, magazi amatuluka kenako amaundana n'kutseka bala. Kuundana kumeneku n'kwabwino. Koma magazi akaundana mkati mwa mtsempha, popanda bala, amatseka njira yake yomwe. Zimenezi zimacitika mosavuta munthu akakhala pamwamba pa phiri lalitali kwambiri.

Kumwamba mpweya ndi wopepuka. Mukapuma kamodzi, mumakoka okosijeni wocepa kusiyana ndi amene mumakoka muli pansi. Okosijeni ndi mbali ya mpweya imene thupi limafuna kuti likhale ndi moyo. Pa mamita 5,500, mumakoka pafupifupi theka cabe.

Anthu ambiri amayamba kudwala akapitirira mamita 2,500, makamaka akakwera mofulumira. Mutu umawawa, nseru imabwera, tulo sabwera. Kuno kwathu si vuto lalikulu ayi. Lichinga ili pamamita oposa 1,300 cabe, ndipo Binga, phiri lalitali kuposa onse mu Mozambique, ndi mamita 2,436. Koma Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje ku Malawi, ndi mamita 3,002. Kilimanjaro ku Tanzania ndi 5,895.

Nanga magazi zimawakhudza bwanji? Ganizirani phala. Mukacepetsa madzi n'kuwonjezera ufa, phala limalimba, ndipo mthiko umavuta kuyenda. Magazi nawonso ali ndi madzi ake, komanso timaselo tofiira tonyamula okosijeni.

Masiku oyamba paphiri, madziwo ndi amene amacepa. Mumapuma mofulumira, mpweya wake ndi wouma, ndipo mumakodza pafupipafupi. Kukazizira ludzu simulimva, ndiye mumamwa pang'ono. Ngati mukusanza, ndiye basi, madzi amatheratu msanga. Pakapita milungu, ufa nawonso umawonjezeka. Impso zikaona kuti okosijeni wacepa, zimatuma uthenga ku mafuta a m'mafupa kuti apange timaselo tofiira tambiri. Thupi likufuna kukuthandizani, inde, koma magazi aja amalimba, ndipo amayenda movutikira m'mitsempha.

Onjezani kuzizira, ndi kugona masiku angapo m'tenti osayenda cifukwa ca mphepo kapena kudwala. Magazi olimba amene sakuyenda sacedwa kuundana. Madokotala a asilikali a ku India aona vutoli mwa anyamata amphamvu amene amakhala miyezi yambiri m'mapiri a Himalaya. Ku Cerro de Pasco, tauni ya migodi ku Peru imene ili pamamita oposa 4,300, anthu ena magazi awo amalimba mpaka milomo imaoneka yakuda.

Apa mvetsetsani bwino. Mutu ndi nseru za paphiri zimacepa mukapuma osakweranso, kapena mukatsika. Magazi oundana sacoka conco. Nthawi zambiri amayambira m'katumba wa mwendo umodzi. Mwendowo umatupa, umatentha, umawawa, pamene unzake uli bwinobwino. Kacidutswa kakacoka pamenepo, kamayenda ndi magazi mpaka kumapapo. Munthu amabanika mwadzidzidzi, cifuwa cimabaya akamapuma, mwina amatsokomola magazi. Atha kufa tsiku lomwelo. Magazi akaundana mu ubongo, mutu umawawa koopsa, ndipo mkono, mwendo kapena pakamwa pamafooka.

Mwina mukuti, "Ine paphiri lotere ndidzafikapo liti?" Zoona. Koma kukhala malo amodzi nthawi yaitali ndi kusamwa madzi zilinso pansi pano. Taganizani ulendo wa basi wopita ku Joni, miyendo itapindika usiku wonse, munthu akupewa kumwa kuti asafune kukodza. Amayi oyembekezera, amene angobereka kumene, osuta fodya, ndi amene magazi awo anaundanapo kale, ndiwo ayenera kusamala kwambiri. Basi ikaima, tsikani muyendeko. Muli pampando, muzigwedeza mapazi, ndipo madzi muzimwa ndithu.

Mwendo umodzi ukatupa conco, musausisite ndipo musatemepo mphini. Pitani kucipatala tsiku lomwelo, mukawauze a dokotala kumene mwacokera ndi maola amene munakhala osayenda. Kuli mankhwala oletsa magazi kupitiriza kuundana.