Stoke-on-Trent: Mzinda wa Dongo ndi Malasha

Matauni asanu ndi limodzi

Pakati pa dziko la England, m'dera la Staffordshire, pali mzinda wotchedwa Stoke-on-Trent. Kale adali matauni asanu ndi limodzi oyandikana: Tunstall, Burslem, Hanley, Stoke, Fenton ndi Longton. M'chaka cha 1910 matauniwa adawaphatikiza pamodzi, ndipo mu 1925 boma lidavomereza kuti malowa azitchedwa mzinda.

Anthu akumeneko ali ndi chizolowezi chodziwika. Akapita kokadya, amayamba atembenuza mbale kuti aone chidindo chapansi pake. Amafuna kudziwa ngati idaumbidwa kwawo. Sachita zimenezi pachabe: kwa zaka zoposa 300, mzindawu wakhala ukuumba mbale, makapu, mathipoti ndi matailosi ogulitsa m'maiko ambiri.

Chuma cha pansi pa nthaka

N'chifukwa chiyani ntchito youmba idakhazikika kumeneku? Yankho lili pansi pa nthaka. M'derali muli dongo lambiri, ndipo pafupi pomwepo pali malasha. Woumba amafuna zonse ziwiri: dongo loumbira ndi moto wowotchera. Kuti mbale zipse bwino, malasha ankalowa ochuluka kuposa dongo lenilenilo. Choncho kunali kwanzeru kumanga mafakitale pafupi ndi migodi.

Motero mabanja ambiri adagawikana pawiri. Bambo ankatsikira mumgodi, pamene mayi ndi ana ankapita kufakitale ya mbale.

Josiah Wedgwood

Mwa oumba onse a mumzindawu, wotchuka kwambiri ndi Josiah Wedgwood. Iye adabadwira ku Burslem mu 1730, m'banja la oumba. Ali mwana adadwala nthomba, ndipo bondo lake lidafooka moti sankatha kupalasa gudumu loumbira. Pambuyo pake mwendowo adaudula. Koma kulumalako sikudamubweze m'mbuyo. Adaika mtima pa kuyesa mitundu ya dongo ndi utoto, uku akulemba zonse zimene wapeza.

Mu 1759 adayambitsa kampani yake, ndipo mu 1769 adatsegula fakitale yaikulu imene adaitcha Etruria. Mbale zake zoyera zidakondweretsa Mfumukazi Charlotte ya ku Britain. Nayonso Mfumukazi Catherine ya ku Russia idaitanitsa mbale ndi ziwiya zoposa 900.

Wedgwood ankadana ndi malonda a akapolo. Mu 1787 fakitale yake idaumba kamendulo kosonyeza munthu wa ku Africa atagwada, atamangidwa maunyolo. Timendulo timeneti tidafalikira kwambiri, ndipo anthu ankativala posonyeza kuti akufuna ukapolo uthe. Wedgwood adamwalira mu 1795.

Msewu wapamadzi

M'masiku amenewo misewu inali yokumbika ndi yamatope. Mbale ankazinyamula pamsana pa mahatchi, ndipo zambiri zinkasweka panjira. Komanso dongo loyera lopangira mbale zapamwamba linkachokera kutali, ku Cornwall, Devon ndi Dorset.

Wedgwood ndi anzake adalimbikira kuti pakumbidwe ngalande yoyendamo mabwato. Katswiri wotchedwa James Brindley ndiye adatsogolera ntchitoyi. Idayamba mu 1766 n'kutha mu 1777. Ngalandeyi, yotchedwa Trent and Mersey, ndi yaitali pafupifupi makilomita 150, ndipo pamalo otchedwa Harecastle imadutsa pansi pa phiri. Hatchi imodzi yoyenda m'mphepete inkakoka bwato lodzaza katundu, mbale n'kukafika kudoko zili bwinobwino. Lero ngalandeyi ikadalipo, koma muli mabwato a anthu okacheza.

Mauvuni ooneka ngati botolo

Chizindikiro chachikulu cha mzindawu ndi mauvuni a njerwa ooneka ngati botolo lalikulu: otakata pansi, opanikiza kukhosi. Nthawi ina mauvuni otere adalipo pafupifupi 2,000.

Ntchito yake inali yolemetsa. Mbale ankaziika m'mabokosi a dongo kuti moto ndi utsi zisazidetse. Amuna ankasenza mabokosiwo pamutu, n'kukwera nawo pamakwerero, kuwasanja mpaka pamwamba. Akatha, ankatseka khomo ndi njerwa n'kumata. Moto unkayaka masiku awiri kapena atatu, ndipo kutentha kwake kunkapitirira madigiri 1,000. Woyang'anira moto sankachokapo. Ankadziwa kupsa kwa mbale poyang'ana mtundu wa malawi ndi timiphika toyesera. Akalakwitsa, ntchito ya fakitale yonse inkapita pachabe.

Utsi wa mauvuniwa unkaphimba dzuwa. Zovala zoyanika panja zinkada zisanaume. Mu 1956 boma lidakhazikitsa lamulo loteteza mpweya, ndipo mafakitale adayamba kuwotchera gasi ndi magetsi. Mauvuni ambiri adagwetsedwa. Mu 1978 anthu adayatsa uvuni wina ku Longton komaliza, n'cholinga chojambula ndi kulemba luso la akuluakulu lisanaiwalike. Masiku ano kwatsala mauvuni osakwana 50.

Mavuto a antchito

Mbale zinali zokongola, koma oziumba ankavutika. Fumbi la dongo ndi la miyala yopera linkalowa m'mapapo, munthu n'kumatsokomola mpaka kufa asanakalambe. Mankhwala opaka kuti mbale ziziwala anali ndi mtovu. Mtovuwo unkapuwalitsa manja, ndipo amayi ena ankapita padera.

Ana nawonso ankagwira ntchito. Cha m'ma 1840 boma lidatumiza dokotala wotchedwa Samuel Scriven kukafufuza. Iye adapeza ana aang'ono akuthamanga tsiku lonse, atanyamula zikombole, kulowa ndi kutuluka m'zipinda zotentha zoumitsira mbale. Malamulo oteteza ana ndi oletsa mtovu adabwera pang'onopang'ono, anthu ambiri atataya kale moyo.

Migodi ya malasha

Kumpoto kwa mzindawu kuli mgodi wa Chatterley Whitfield. Mu 1937 udakhala woyamba m'dziko la Britain kutulutsa malasha ogulitsa okwana matani 1 miliyoni pachaka.

Koma malasha ankabwera ndi maliro. Anthu a m'migodi ankakhulupirira kuti kugwira ntchito pa tsiku loyamba la chaka n'kuitana tsoka. Pa 1 Januwale 1942, chifukwa cha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, antchito a mgodi wa Sneyd ku Burslem adalolera kutsika. Tsiku lomwelo mumgodimo mudaphulika, ndipo abambo ndi anyamata 57 adafa. Maina awo adalembedwa pa chipilala chachikumbutso ku Burslem.

M'chaka chomwecho, asilikali a Hitler adawononga mudzi wa Lidice m'dziko la Czechoslovakia. Adapha amuna a m'mudzimo, ndipo ambiri mwa iwo ankagwira ntchito m'migodi ndi m'mafakitale. Dokotala wina wa ku Stoke-on-Trent, Barnett Stross, adamema anthu kumsonkhano mu holo ya Victoria ku Hanley. Antchito a m'migodi, amene nawonso anali osauka, adatapa pa malipiro awo n'kusonkha ndalama. Nkhondo itatha, ndalamazo zidathandiza kumanganso Lidice. Ubale wa malo awiriwa udakalipo mpaka lero.

Ntchito zitayamba kutha

Kuyambira m'zaka za m'ma 1960, migodi idayamba kutsekedwa umodziumodzi. Mgodi wa Hanley Deep udatsekedwa mu 1962, ndipo pamalopo adadzalapo mitengo n'kukhala paki. Chatterley Whitfield udaleka kutulutsa malasha m'zaka za m'ma 1970. Mgodi wakuya womaliza m'dera lonselo, wa Silverdale, udatsekedwa mu 1998. Bwalo la timu ya mpira ya Stoke City adalimanga pamalo amene padali mgodi.

Fakitale yazitsulo ya Shelton Bar nayonso idatsekeratu mu 2000. Makampani ena a mbale adasamutsira ntchito kumaiko a ku Asia, kumene malipiro ndi otsika. Fakitale yakale ya mbale ya Spode idaima mu 2008. Anthu zikwizikwi adakhala paulova.

Zimene mlendo angaone lero

Ku Longton kuli fakitale yakale ya Gladstone, imene tsopano ndi nyumba yosungiramo mbiri. Mlendo amalowa mkati mwa uvuni, n'kuona oumba akusonyeza luso lawo. Ku dera la Etruria kuli chigayo cha Jesse Shirley cha mu 1857, chimene chinkapera mafupa a ng'ombe ndi miyala yosakaniza ndi dongo. Makina ake oyendera nthunzi amawalizabe masiku ena.

M'mphepete mwa ngalande, ku Middleport, muli fakitale imene idamangidwa mu 1888. Idatsala pang'ono kugwa, koma bungwe lina la Prince Charles, yemwe tsopano ndi mfumu, lidaikonzanso. Mpaka lero antchito akuumbamo mbale za Burleigh, ndipo maluwa a pambalezo amawadinda ndi manja monga ankachitira agogo awo. Kampani ya Wedgwood ikugwirabe ntchito ku Barlaston, ndipo makampani ngati Steelite, Portmeirion ndi Emma Bridgewater akulembabe anthu ntchito, ngakhale kukwera mtengo kwa gasi kukuwafinya.

Chodetsa nkhawa ndi Chatterley Whitfield. Malowa adakhalapo nyumba yosungiramo mbiri kuyambira 1979 mpaka 1993, kenako adatsekedwa. Chumuni chake chachitali ndi magudumu otsitsira anthu mumgodi zikuonekabe patali, koma madenga akudontha ndipo zitsulo zikuchita dzimbiri. Malowa ali pa mndandanda wa malo a mbiri amene ali pachiopsezo. Anthu odzipereka, kuphatikizapo ena amene adagwirapo ntchito m'migodi, ndiwo akuyesetsa kuwasamalira, ndipo akupempha boma ndi mabungwe kuti apeze ndalama zokonzera nyumbazo zisanagwe.