Kufufuza vuto la mageji a m'boti: mapu a mawaya ndiwo poyambira

Maboti a injini amene nthambi za boma zimagwiritsa ntchito pa nyanja ya Malawi, nyanja ya Chilwa ndi mumtsinje wa Shire ndi ofunika pa ntchito yonyamula odwala, yolondera malo a usodzi ndiponso yopulumutsa anthu madzi akasefukira, monga zinaonekera m'maboma a Nsanje ndi Chikwawa m'chaka cha 2015 komanso pa namondwe wa Freddy m'chaka cha 2023. Woyendetsa boti lotere amadalira mageji amene ali kutsogolo kwake kuti adziwe mafuta otsala m'thanki, kutentha kwa injini, liwiro limene injiniyo ikuzungulira ndi mphamvu ya batire.

Geji ikanama panyanja, ngozi yake imaposa ya pamsewu. Galimoto ikatha mafuta imaima m'mbali mwa msewu, pamene boti lochokera ku Nkhata Bay kupita ku Likoma likatha mafuta m'nyengo ya mwera limangotengeka ndi mafunde. Komabe nthawi zambiri geji imene yaleka kuonetsa zoona imakhala yabwinobwino, ndipo vuto limakhala pa waya, pa fyuzi kapena polumikizira pamene pachita dzimbiri. N'chifukwa chake akuluakulu amene amavomereza kugula zipangizo za maboti ayenera kudziwa momwe vuto lotere limafufuzidwira.

Momwe geji imagwirira ntchito

Maboti ang'onoang'ono ambiri amagwiritsa ntchito magetsi a batire ya 12 V. Batire yodzaza bwino imaonetsa pafupifupi 12.6 V injini ili chozima, ndipo injini ikamalira n'kumatchaja muyesowo umakwera kufika pakati pa 13.8 V ndi 14.4 V.

Kumbuyo kwa geji ya kamuvi kumakhala timabawuti tolumikizirapo mawaya, ndipo pa mageji ambiri timalembedwa zilembo. Chilembo cha I ndi polowera magetsi ochokera ku kiyi, G ndi pa waya wobwerera ku negetivu ya batire amene amakaniki amautcha earth, S ndi pa waya wochokera ku kachipangizo kopima, ndipo L ndi pa kababu kounikira usiku. Kachipangizo kopimako, kamene mabuku a injini amakatcha sender, kamakhala m'thanki kapena pa injini ndipo ntchito yake ndi kupinga magetsi mochuluka kapena mochepa malinga ndi chimene kakupima. Kupingaku kumayesedwa mu ma ohm.

Pa mageji a mafuta pali miyeso iwiri yotchuka. Pa muyeso wa ku America sender imaonetsa ma ohm 240 thanki ikakhala yopanda kanthu ndi ma ohm 33 ikadzaza. Pa muyeso wa ku Ulaya imaonetsa pafupifupi ma ohm 10 thanki ikakhala yopanda kanthu ndi ma ohm 180 ikadzaza. Choncho geji ya muyeso wina ikalumikizidwa ku sender ya muyeso winawo, kamuvi kamayenda chammbuyo: kamaloza kuti mafuta adzaza pamene akutha.

Kuwerenga mapu a mawaya

Mapu a mawaya ndi chojambula chimene chimapezeka m'buku la injini kapena la boti. Sachionetsa malo enieni pamene waya wadutsa kapena kutalika kwake, koma amaonetsa chimene chalumikizidwa ku chinzake. Mzere uliwonse ndi waya. Mizere iwiri ikapingasana ndipo pamphambanopo pali kadontho, ndiye kuti mawayawo ndi olumikizana. Pakapanda kadontho, angodutsana. Batire imajambulidwa ndi timizere tatitali ndi tatifupi, ndipo kamzere kakatali ndiko pozitivu. Earth imajambulidwa ndi timizere titatu tonka titafupika, pamene swichi imajambulidwa ngati mzere wodukiza, ili chozimitsa.

Njira yabwino yowerengera mapuwa ndi kutsata ulendo wa magetsi wa geji imodzi yokha: kuchokera ku pozitivu ya batire, kudzera pa fyuzi ndi pa kiyi, kufika pa geji, kupita ku sender, mpaka kubwerera ku negetivu. Ulendowu ukaduka pena paliponse, geji siingagwire ntchito.

Mitundu ya mawaya imathandiza, koma imasiyana malinga ndi kumene boti kapena injini inapangidwa. Bungwe la American Boat and Yacht Council, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1954, linaika waya wapepo kukhala wa magetsi ochokera ku kiyi, wapinki wa geji ya mafuta, wotuwa wa geji ya liwiro la injini, wofiira wa pozitivu, ndipo wakuda kapena wachikasu wa negetivu. Pa mainjini a Yamaha, amene ndi ochuluka pa nyanja ya Malawi, waya wachikasu ndiwo umanyamula magetsi ochokera ku kiyi ndipo wobiriwira ndi wa geji ya liwiro la injini. Makaniko amene atenga waya wachikasu wa injini yotere kukhala negetivu amaotcha fyuzi kapenanso mawaya. Zilembo zoimira mitundu nazo zimafuna kusamala, pakuti pa mapu a mainjini a ku Japan chilembo cha B chimaimira waya wakuda pamene L chimaimira wabuluu.

Ndondomeko yofufuzira vuto

Chida chofunika pa ntchitoyi ndi multimeter, makina ang'onoang'ono oyesera magetsi. Funso loyamba ndi lakuti: kodi mageji onse afa kapena ndi imodzi yokha? Akafa onse nthawi imodzi, vuto lili pa chimene onse amagawana, monga fyuzi, kiyi, waya wa magetsi kapena earth. Ikafa imodzi, wofufuza ayang'ane mawaya a gejiyo ndi sender yake.

Kiyi atatsegulidwa, multimeter iikidwe pakati pa I ndi G. Ikaonetsa mphamvu yofanana ndi ya batire ndiye kuti magetsi akufika. Ikapanda kuonetsa kanthu, waya wakuda wa multimeter usamutsidwire ku negetivu ya batire. Muyeso ukabwera pamenepo, vuto lili pa earth. Ukapanda kubwerabe, wofufuza abwerere chammbuyo motsata mapu mpaka pamene magetsi akuthera.

Chachiwiri ndi kuyesa geji yeniyeniyo. Pa geji ya mafuta ya muyeso wa ku America, waya wa pa S ukachotsedwa kamuvi kamatsikira kumene kumasonyeza kuti mafuta atha, ndipo S ikakhudzitsidwa ku G kwa kanthawi kochepa kamuvi kamakwera mpaka kumapeto. Pa muyeso wa ku Ulaya zimachitika mosemphana. Kamuvi kakayenda motero, geji ndi yabwino ndipo palibe chifukwa chogulira ina.

Chachitatu ndi kuyesa sender, kiyi atatsekedwa ndipo waya wake utachotsedwa. Muyeso wa ma ohm uyenera kukhala m'kati mwa malire a muyeso wake ndi kusintha pang'onopang'ono kachoyandama kake kakamakwezedwa kapena kutsitsidwa. Geji ndi sender zikapezeka zabwino, chatsala ndi waya wa pakati pake.

Pali zizindikiro zinanso zothandiza. Timivi tikamasuntha nthawi imene magetsi ounikira ayatsidwa, kawirikawiri earth ndi yofooka. Kamuvi kakamadumphadumpha boti likamamenya mafunde, pali polumikizira pamene pakhwepa. Geji ya liwiro la injini yopachika kumbuyo kwa boti imalandira uthenga kuchokera ku zipangizo zotchajira batire, kotero ikaleka kugwira ntchito ndi bwino kuonanso ngati batire ikutchajidwa.

Chitetezo ndi kakonzedwe

Mpweya wa petulo ndi wolemera kuposa mpweya wamba ndipo umadikha pansi pa boti, choncho kuyesa kokhudzitsa mawaya kuchitikire kumbuyo kwa geji osati pathanki. Asanamasule waya wina aliyense pa thanki, makaniko achotse kaye waya wa negetivu pa batire. Fyuzi yopsa ilowedwe m'malo ndi ina ya muyeso womwewo. Kumangapo waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya kumachotsa chitetezo chimene chimaletsa moto.

Ngakhale madzi a nyanja ya Malawi alibe mchere, chinyezi ndi kugwedezeka kwa boti zimaononga polumikizira. Waya woyenera m'boti ndi wa timawaya tambirimbiri ta kopa tokutidwa ndi tini, osati waya umodzi wolimba wa m'nyumba amene amathyoka akamagwedezeka. Malangizo a bungwe la ku America lija amafuna kuti fyuzi ikhale pafupi ndi batire, mosapitirira masentimita 18 pokhapokha waya atatetezedwa mwapadera, ndiponso kuti pa zipangizo zofunika kwambiri mphamvu yotayika m'waya isapitirire 3 peresenti, amene ndi 0.36 V pa magetsi a 12 V.

Mainjini ambiri atsopano ali ndi mageji a manambala amene amalandira uthenga kuchokera ku kompyuta ya injini kudzera pa netiweki monga ya NMEA 2000. Mageji otere sayesedwa pokhudzitsa mawaya, ndipo pamafunika kutsata buku la kampani yopanga injiniyo.

Udindo wa oyang'anira maboti

Ofesi iliyonse imene ili ndi boti iyenera kusunga mapu a mawaya awiri, ena m'faelo ya botilo ndipo ena m'botimo atakutidwa ndi pulasitiki. Waya akasinthidwa kapena chipangizo chikawonjezedwa, kusinthako kulembedwe pa mapuwo pamodzi ndi tsiku lake. Pempho logula geji yatsopano lizibwera ndi miyeso imene makaniko wapeza pa I, G ndi S, ndipo pooda geji kapena sender muyeso wa ma ohm ulembedwe momveka. Kufikira vuto litakonzedwa, woyendetsa boti aziona yekha mafuta m'thanki asananyamuke ndi kunyamula ena apadera.