Mbiri ya Liwu la Chingerezi Lakuti 'National' ndi Kagwiritsidwe Ntchito Kake m'Ziganizo

1. Mawu oyamba

Aliyense amene anagwirapo ntchito yomasulira zikalata za boma kuchokera m'Chingerezi amadziŵa kuti pali mawu ena amene amawoneka osavuta, koma pofuna kuwaika m'Chicheŵa cholembera chimaima. Limodzi mwa mawu otere ndi lakuti 'national'. Mabuku otanthauzira mawu amati liwuli limanena za chinthu chokhudza dziko lonse, ndipo womasulira wachangu amangolemba kuti 'cha dziko' kapena 'cha fuko' n'kupitirira. M'pepala lino tikufuna kusonyeza kuti liwuli lasenza matanthauzo atatu amene linatola pa nthaŵi zosiyana, ndiponso kuti malo amene limakhala m'chiganizo amathandiza kudziŵa tanthauzo limene wolemba akufuna. Tiyamba ndi mbiri, kenaka tiwona kamangidwe ka ziganizo, ndipo pomaliza tifotokoza chifukwa chake nkhaniyi ili yofunika kwa okonza ndondomeko ya zinenero.

2. Tanthauzo loyamba: anthu a kubadwa kumodzi

Tsinde la liwuli ndi dzina la Chilatini lakuti 'natio', lochokera ku mneni wotanthauza kubadwa. Kwa Aroma, 'natio' linali gulu la anthu a chibadwidwe chimodzi, ndipo silinali kunena za malire kapena boma. Tanthauzo limeneli linakhalitsa. Pa yunivesite ya Paris m'zaka za m'ma 1200, ophunzira anali kugaŵidwa m'magulu anayi otchedwa 'nationes' molingana ndi dera limene anachokera, chonsecho magulu ameneŵa sanali kufanana ndi maufumu a nthaŵiyo. Dzina lakuti 'nation' linaloŵa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa cha m'ma 1300, ndipo mfotokozi wakuti 'national' anayamba kupezeka m'zolembedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500.

Chitsanzo chodziŵika cha m'zaka zotsatira ndi pangano la National Covenant limene anthu a ku Scotland anayamba kusaina ku Edinburgh mu 1638, pokana kusintha kwa mapemphero kumene Mfumu Charles I inafuna kukhazikitsa. Panthaŵiyo Scotland ndi England anali ndi mfumu imodzi, choncho liwuli linali kunena za anthu a ku Scotland monga mtundu wokhala ndi mpingo ndi miyambo yawoyawo. Tanthauzo limeneli silinafe. Ku Britain, chipani cha Scottish National Party chimene chinakhazikitsidwa mu 1934, ndi nyumba ya mabuku ya National Library of Wales, zonsezi zikugwiritsa ntchito liwuli ponena za mtundu umodzi wa m'kati mwa dziko lalikulu.

3. Tanthauzo lachiŵiri: zinthu za boma

Mu 1694 banki ya Bank of England inakhazikitsidwa kuti ibwereke boma ndalama zokwana mapaundi 1,200,000 zomenyera nkhondo ndi France. Ngongoleyi sinali ya mfumu payokha monga zinalili ngongole zakale, popeza nyumba ya malamulo ndiyo inalonjeza kuibweza ndi misonkho. M'zaka za m'ma 1700 ngongole yotereyi inazoloŵereka ndi dzina lakuti 'national debt'. Apa liwuli linayamba kuloza ku anthu onse a dziko monga mwini chuma mmodzi woimiridwa ndi boma.

Zochitika ziŵiri zinalimbitsa tanthauzo limeneli. Choyamba chinachitika ku Philadelphia mu 1787, pa msonkhano wolemba malamulo oyendetsera dziko la United States. Mfundo zimene Edmund Randolph wa ku Virginia anapereka zinali kunena za boma la 'national', koma nthumwi zina zinawopa kuti liwuli likutanthauza boma limodzi lomeza mphamvu za zigawo. Pa 20 June, Oliver Ellsworth wa ku Connecticut anapempha kuti liwuli lichotsedwe, ndipo msonkhano unavomera. M'chaka chotsatira James Madison, m'nkhani ya nambala 39 ya The Federalist, anasiyanitsa 'national' ndi 'federal': loyamba likunena za boma lolamulira munthu aliyense mwachindunji, lachiŵiri likunena za mgwirizano wa zigawo zodzilamulira. Chachiŵiri chinachitika ku France pa 17 June 1789, pamene nthumwi za anthu wamba zinadzitcha 'Assemblée nationale', kusonyeza kuti ulamuliro uli m'manja mwa anthu onse osati mwa mfumu. Dzina la Chingerezi lakuti National Assembly, limene maiko ambiri a mu Africa anatenga polandira ufulu wodzilamulira, linachokera kumeneko.

Kuchokera pa tsinde lomweli panaphuka mawu ena. Jeremy Bentham anapanga liwu lakuti 'international' m'buku lake limene linatuluka mu 1789, ponena za malamulo a pakati pa maiko. Mneni wakuti 'nationalise' anafika potanthauza kuika chuma m'manja mwa boma, monga mmene boma la Britain linachitira ndi migodi ya malasha mu 1947, chaka chimodzi lisanatsegule National Health Service mu 1948.

4. Tanthauzo lachitatu: kufalikira m'dziko lonse

Kubwera kwa njanji, matelegalamu ndi nyuzipepala zotsika mtengo m'zaka za m'ma 1800 kunachititsa kuti chinthu chimodzi chizifika m'madera onse a dziko pa nthaŵi yochepa. Liwu lathu linayamba kugwiritsidwa ntchito poyeza kukula kwa dera, mosiyana ndi 'local' ndi 'regional'. Nyuzipepala ya 'national' ndi imene imagulitsidwa ponseponse, ngakhale mwini wake atakhala munthu wamba. Bungwe la National Trust, limene linayamba mu 1895 kuti lisamale malo ndi nyumba zakale, si nthambi ya boma. Kwathu kuno National Bank of Malawi, imene inakhazikitsidwa mu 1971, ndi banki ya malonda, pamene banki yaikulu yoyang'anira ndalama za dziko ndi Reserve Bank of Malawi. Chingerezi chinapanganso liwu lina lakuti 'nationwide', limene limanena za kufalikira kokha.

5. Malo a liwuli m'chiganizo

Afotokozi ambiri a m'Chingerezi amatha kukhala malo aŵiri: patsogolo pa dzina, kapena pambuyo pa mneni wakuti 'be'. Dwight Bolinger, m'nkhani yake ya mu 1967, anasonyeza kuti malo aŵiriŵa safanana ntchito, ndipo pali afotokozi ena amene amakana malo achiŵiri. Tiyeni tiwone zitsanzo izi, mmene nyenyezi ikusonyeza chiganizo chosavomerezeka:

(1) The choir sang the national anthem.
(2) *The anthem that the choir sang was national.
(3) *The choir sang a very national anthem.
(4) The shortage of teachers is national, not local.

Mu (1) mfotokozi sakunena za khalidwe la nyimbo monga kutalika kapena kukoma kwake. Akuika nyimboyo m'gulu, kuisiyanitsa ndi nyimbo ya sukulu kapena ya mpingo. Ndicho chifukwa chake (2) ndi (3) zikukanika: chinthu chimakhala m'gulu kapena kunja kwa gulu, ndipo palibe zoti chili m'gulumo kwambiri kapena pang'ono. Chiganizo (4) chikuvomerezeka chifukwa liwuli lili ndi tanthauzo lachitatu, ndipo likufanizidwa ndi linzake loyeza dera. Tingathe kunena kuti pamene 'national' wakhala pambuyo pa mneni, kaŵirikaŵiri amakhala akunena za kufalikira. Njira yosavuta yoyesera ndiyo kuika 'nationwide' m'malo mwake:

(5) The union called a national strike.
(6) The union called a nationwide strike.
(7) *The choir sang the nationwide anthem.
(8) The book is sold nationwide.
(9) *The book is sold national.

Ziganizo (5) ndi (6) zikunena chinthu chimodzi, pamene (7) chikuwonongeka chifukwa nyimboyo ndi chizindikiro cha anthu, osati chinthu choyezedwa ndi dera. Mu (8) ndi (9) tikuwona kuti 'nationwide' amagwiranso ntchito ya muwonjezi, koma 'national' amafuna mphatikira kuti akhale 'nationally'.

Liwuli limagwiranso ntchito ya dzina, monga m'chiganizo chakuti 'Three foreign nationals were arrested'. Apa likutanthauza nzika, ndipo limafuna liwu lina patsogolo pake lotchula dziko kapena uchilendo. Ntchito imeneyi ndi ya m'chinenero cha malamulo ndi cha akazembe, ndipo inatchuka mochedwa poyerekeza ndi zina zija.

Judith Levi, m'buku lake la mu 1978 lonena za maina ophatikiza, anafotokoza kuti afotokozi a mtundu umenewu ndi maina amene avala chovala cha mfotokozi. Ubale wa pakati pa 'nation' ndi dzina lotsatira sulembedwa. Woŵerenga amaupeza yekha. Mu 'national debt' dziko ndilo lili ndi ngongole. Mu 'national service' dziko ndilo likutumikiridwa. Mu 'national park' boma ndilo likusunga malowo, monga linayambira ku Yellowstone mu 1872. Kwa ife olankhula Chicheŵa mfundo ya Levi si yachilendo, popeza chinenero chathu chimamanga mawu otere poyera ndi '-a' wa umwini ndi dzina. Kusiyana kwake n'kwakuti Chicheŵa chimatikakamiza kusankha dzinalo: fuko, mtundu, dziko, kapena boma.

6. Zimene Chicheŵa chachita kale

Olankhula Chicheŵa anasankha kale m'malo ambiri, ndipo sanasankhe liwu limodzi. Timati nyimbo ya fuko, koma mbendera ya dziko lino. National Assembly timaitcha Nyumba ya Malamulo, kutchula ntchito yake ndi kusiya mfotokozi uja. Chiphaso chimene nzika zinayamba kulandira m'kalembera wa mu 2017 chimatchedwa chiphaso cha unzika. Ponena za Kasungu kapena Liwonde timati malo osungirako nyama zakutchire. Sitiraka ya m'chitsanzo (5) ndi ya m'dziko lonse. Pamene Chiswahili chili ndi liwu limodzi lakuti 'taifa' logwira ntchito zambiri mwa izi, monga m'dzina la Baraza la Kiswahili la Taifa limene linakhazikitsidwa ku Tanzania mu 1967, Chicheŵa chagaŵa katunduyu pa mitu ingapo. Ife sitikuwona ichi ngati kupereŵera, chifukwa kugaŵaku kukutsata ndendende matanthauzo atatu amene tapeza m'mbiri ya liwu la Chingerezi.

7. Vuto la mawu akuti 'national language'

Vuto lenileni limabuka pamene matanthauzo onse atatu akumana m'mawu amodzi. Mawu akuti 'national language' angatanthauze chinenero chimene ndi chizindikiro cha anthu, kapena chimene boma limagwiritsa ntchito, kapena chimene chimamveka m'dziko lonse. Lipoti la UNESCO la mu 1953 lonena za zinenero za makolo m'maphunziro linasiyanitsa chinenero chotere ndi chinenero cha ntchito za boma, ndipo Joshua Fishman mu 1968 anasiyanitsa kufuna umodzi wa chikhalidwe ndi kufuna kuti boma liziyenda bwino. Maiko ena anasunga kusiyanaku m'malamulo. Malamulo a Ireland a mu 1937 amatcha chinenero cha Irish kuti 'national' ngakhale anthu ambiri kumeneko amalankhula Chingerezi tsiku ndi tsiku. Ku Switzerland chinenero cha Romansh chinapatsidwa ulemu womwewo mu 1938, koma chinayamba kuloledwa pa ntchito zina za boma lalikulu mu 1996.

Ku Malaŵi, msonkhano wa Malawi Congress Party wa mu 1968 unagamula kuti Chinyanja chikhale 'national language', kuti chizitchedwa Chicheŵa, ndiponso kuti icho pamodzi ndi Chingerezi zikhale zinenero za ntchito za boma. Dzina latsopanoli linali la mtundu umodzi wa anthu, choncho tanthauzo loyamba linamveka kwambiri kuposa lachitatu. Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu, ndipo chinabwereranso pa wailesi mu 1994. Bungwe la Chichewa Board, limene linayamba mu 1972, linaloŵedwa m'malo ndi Centre for Language Studies mu 1996, ndipo ntchito inakula kufikira zinenero zina. Malamulo oyendetsera dziko a mu 1994, m'gawo 26, amapatsa munthu aliyense ufulu wogwiritsa ntchito chinenero chimene wasankha.

Sitikunena kuti liwu limodzi ndilo linabala zonsezi. Zifukwa zake zinali za ndale. Koma kusamveka bwino kwa liwuli kunalola kuti mfundo yovomerezeka kwa ambiri, yakuti pakhale chinenero chomvanirana, iyende pamodzi ndi mfundo ina yovuta, yakuti mtundu ndi umodzi ndipo chinenero chake ndi chimodzi. Womasulira akalemba kuti 'chinenero cha fuko', Mtumbuka, Myao kapena Mlomwe ali ndi chifukwa chofunsira kuti fuko lake ndi liti, popeza m'Chicheŵa liwu lakuti fuko limanenanso za anthu a kholo limodzi.

8. Mawu omaliza

Tapeza kuti 'national' anayamba ndi kunena za anthu a kubadwa kumodzi, kenaka za boma, ndipo pomaliza za kufalikira m'dziko lonse, ndipo matanthauzo onseŵa akugwira ntchito m'Chingerezi cha lero. Tikupempha omasulira ndi okonza mawu atsopano kuti asafune liwu limodzi la Chicheŵa loloŵa m'malo mwake. Poyamba ayese kuika 'nationwide': ngati chiganizo chikumveka, alembe kuti 'm'dziko lonse'. Ngati sichikumveka, afunse ngati chinthucho chili m'manja mwa boma, ndipo ngati ndi choncho atchule boma kapena ntchito ya chinthucho. Liwu lakuti fuko lisungidwire zizindikiro zimene anthu analizoloŵera kale, monga nyimbo ya fuko. Ponena za zinenero, ndi bwino kuti chikalata chilichonse chinene poyera ngati chikukamba za chinenero cha ntchito za boma, chinenero chophunzitsira m'sukulu, kapena chinenero chomvanirana anthu a m'zigawo zosiyana, kuti amene akhudzidwe ndi ndondomekoyo adziŵe chimene akuvomera kapena kukana.