Za Makobiri a Masiku a Msauko m'Dziko la Jeremani

Makolo athu anasimba zambiri za nkhondo yaikuru ya 1914 kufikira 1918, m'mene anasenza akatundu pa utengatenga. Koma ocepa mwa ife tidziwa cimene cinagwera Ajeremani kwao pa nkhani ya ndarama.

Nkhondo idya mkuwa. Boma lao linaufuna kusulira zida, ndipo anthu pocita mantha anabisa ndarama zasiliva m'nyumba zao. Cotero pofika 1916 ndi 1917 timakobiri tating'ono tochedwa pfennig, timene 100 tipanga mark imodzi, tinasowa m'misika. Munthu anadza ndi ndarama ya pepala, koma wogulitsa mkate analibe combwezera.

Pamenepo midzi yaikuru inayamba kusulitsa makobiri aoao; nateronso eni migodi ya malasha ndi eni nyumba zosulira zitsulo, pakuti tsiku la malipiro silidikira. Anapempha amisiri, monga a L. Chr. Lauer a ku Nürnberg, kuti awasulire makobiri a citsulo ndi a zinki (ndiwo mtapo wotuwa uja wokutira malata), a pfennig 5, 10 ndi 50, ena obulungira, ena a ngondya 8. Kawirikawiri panalembedwa dzina la kampani ndi ciwerengo ca mtengo wace, osaonjeza kanthu. Anazicha Notgeld, ndiko kunena ndarama za pa msauko.

Tsono tilingalire za wanchito wozilandira. Kobiri lotere linali lonjezo cabe la mwini nchito. Linagula cakudya pa nchito pomwepo, ndi m'masitolo a anthu odziwa dzinalo. Koma ku mudzi wina likakhoza kukanidwa, ndipo thukuta la munthuyo linangotsala m'thumba. Andende a nkhondo ogwira nchito m'migodi anapatsidwa makobiri aoao mwadala, kuti wothawa asakhale nako kanthu kogulira panjira. Ici ticiyesa cowawa koposa.

Lamulo la pa 17 July 1922 linaletsa ndarama zotere, koma mtengo wa zinthu unali utazipha kale. M'November 1923 dola imodzi ya ku America inasinthidwa ndi mark 4,200,000,000,000.

Lero alipo anthu ozisonkhanitsa. Ambiri akonda makobiri okongola a dothi loocha amene anaumbidwa ku Meissen mu 1921. Ife mtima wathu uli pa osakongola aja a makampani, pakuti ambiri a makampaniwo anatha, ndipo dzina lao latsala pa kacitsulo kokha. Peter Menzel anawalemba m'buku lalikuru, mudzi ndi mudzi. Komabe ena ali ndi zilembo ziwiri kapena zitatu zokha, ndipo mwini wace afunidwa mobvutika. Kusunga komwe nkobvuta: citsulo cicita dzimbiri, zinki ayera nanyenyeka akagwidwa ndi cinyontho, kotero kuti wosonkhanitsa aika kobiri liri lonse m'kathumba kace, pouma, naligwira m'mbali mokha.