Manja a Matchona pa Miyala ya ku Tengenenge

Mlendo amene wachoka ku Harare kulowera kumpoto, nayenda mtunda wa makilomita ngati 150 kufikira ku Tengenenge, m'dera la Guruve, sapeza chinyumba chazitseko choonetseramo zosemasema, koma nkhalango chabe. Ndipo akalowamo ndi phuma angathe kupitirira kadzidzi wamwala amene wakhala phee pachitsa, kapena nyani wofungatira mwana wake kuseri kwa tsinde, osadziwa kuti zamuona kale, pakuti kumeneko, monga ananenera akuluakulu, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Malowa poyamba anali munda wa fodya wa Mzungu wina, dzina lake Tom Blomefield, ndipo ambiri mwa iwo amene ankathyola ndi kusoka fodyayo anali obwera: Achewa ndi Ayao a ku Malawi, ena a ku Mozambique, ku Zambia ndi ku Angola, ana a anthu aja amene anasiya makasu kwawo natsata njira ya ku Halale kukafuna ndalama ya msonkho, ena mwa iwo osabwereranso, mpaka abale awo anawatcha matchona. Koma m'chaka cha 1965, Ian Smith atalengeza kuti Rhodesia yadzichotsa m'manja mwa Britain, maiko anatseka misika yawo, fodya anasowa womugula, ndipo bwana ndi antchito ake omwe anagwira njakata. Pamenepo, mu 1966, mmisiri wosema miyala, Crispen Chakanyuka, anamuonetsa Blomefield kuti mwala wa serpentine umene unali mbwee m'mapiri a Great Dyke, pamunda pake pomwepo, unali chuma chogona. Ndipo amuna amene sanagwirepo tchizulo chibadwire anayamba kugogoda.

Tsono chimene anatulutsa m'miyalamo sichinali cha kusukulu ayi. Lemon Moses, Mchewa wodziwa za kudambwe, anasema nkhope zokumbutsa zilombo za gule wamkulu. Josiah Manzi, Myao, anasema zolengedwa zosadziwika bwino ngati ndi mbalame kapena munthu. Fanizani Akuda, amene anabadwira ku Zambia mu 1932, anatchuka ndi tinkhope tomwetulira ta maso otsinzina ndi anthu oimba mluzu. Pambali pawo panali eni dziko, monga Henry Munyaradzi ndi Bernard Matemera, wachiwiriyu ndiye ankakonda kusema munthu alikusanduka nyama. Ine chimene chimandiwawa pang'ono n'chakuti luso lonseli linamveka kunja ndi dzina loti zosema za Amashona, dzina limene linafala m'masiku a Frank McEwen, mkulu wa National Gallery ku Salisbury, Harare wa lero. Silinali bodza lenileni, komabe linakwirira manja a alendo amene anathandiza kuyatsa motowo.

Nkhondo ya ufulu itakula m'zaka za m'ma 1970, mudziwo unatsala pang'ono kusanduka bwinja, ndipo miyala inakhala yokha m'udzu, dzuwa ndi mvula zikuipambana, kufikira anthu anabwerera ufulu utadza mu 1980.

Kasemedwe ka miyalayi sikanasinthe kwenikweni kuchokera masiku amenewo. Mmisiri amayamba wautembenuza mwalawo uku ndi uku, kuti aone chimene chabisala m'kati mwake. Ndiye amaugogoda ndi hamala ndi tchizulo, naupala ndi tupa, naukwecha ndi sandipepa m'madzi mpaka usalale ngati tsaya la khanda. Pomaliza amauwamba pamoto, ndipo ukatentha amaupaka phula, limene limasungunuka ndi kulowa m'thupi mwa mwalawo. Ukazizira amaupukuta ndi kansanza, ndipo taonani, mwala umene unali wotuwa ngati phulusa uja wada bii, ukunyezimira. Akatero amaunyamula kupita nawo pamalo pake pansi pa mitengo, nauika pachitsa, pakati pa ina yake, ndipo iye amabwerera kumulu wa miyala kukasankha wina.