Nyanja yomwe sinafike ku Chikwawa

Wotsetsereka pa Thabwa kupita ku Chikwawa amaona dziko likugwera pansi mwadzidzidzi. Chigwa chimenecho sichidakumbidwe ndi Shire ayi. Mtsinjewo udapeza njira yotseguka kale, mng'alu wa dziko, ndipo ine zimandiwawa kuti mbiri yake sitiikamba monga tikambira ya mafumu athu.

Kalekale Africa, Antarctica, India ndi South America zinali dziko limodzi, lomwe akatswiri a miyala amalitcha Gondwana. Litayamba kukokeka, khungwa lake lidapyapyala ngati mtanda wa mandasi pamene ukutambasulidwa, mpaka lidatitimira ku Luangwa, ku Zambezi ndi kuno kumunsi kwa Shire. M'zigwa zimenezo mudaunjikana matope ndi zomera za m'madambo. Malasha a ku Moatize, omwe sitima zimadutsa nawo m'Malawi muno popita ku Nacala, adapangika mmenemo, ndipo ku Mwabvi ndi ku Lengwe nakonso aliko.

Chomwe chimandizizwitsa ndi moto. Khungwa likapyapyala, miyala yotentha ya pansi imakwera. Ikakwera, kulemera komwe kumaipanikiza kumachepa, ndiye imasungunuka popanda wosonkhezera. Zaka pafupifupi 180 miliyoni zapitazo chiphalaphala chidakhuthuka kum'mwera kwa Africa, ku Lesotho mpaka m'chigwa cha Zambezi, n'kusiya miyala yakuda yomwe ikupezekanso ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Nyanja yamchere idatsala pang'ono kubadwa. Koma dziko lidakang'ambikira kwina, m'mphepete mwa Mozambique, komwe Antarctica adachokera, ndipo mng'alu wathu udaima panjira.

Motowo sudazime. Cha m'zaka 130 miliyoni zapitazo chiphalaphala china chidakwera m'ming'alu yakale ija n'kuumira pansi, osatulukira kunja. Mvula ndi mitsinje zidakokolola pang'onopang'ono miyala yofewa yomwe idachikwirira, ndipo chotsala ndi Mulanje, ndi nsonga yake ya Sapitwa ya mamita 3,002, komanso phiri la Zomba. Mapiri omwe timawayang'ana chagada adabadwira mumdima wa pansi!

Frank Dixey, yemwe ankatsogolera ofufuza miyala m'Nyasaland, adayendera mapiri a kuzungulira nyanja ya Chilwa. Mu 1937 iye, W. Campbell Smith ndi C. B. Bisset adalemba za miyala yachilendo ya kumeneko, yooneka ngati ya laimu koma yochokera ku chiphalaphala. Miyalayo amaitcha carbonatite. Ili pa chilumba cha Chisi, ku Tundulu ndi ku Songwe m'boma la Phalombe, komanso ku Kangankunde ku Balaka. M'kati mwake muli miyala yamtengo wapatali yopangira maginito a galimoto zamagetsi, n'chifukwa chake makampani akunja akhala akuboola nthaka ku Songwe ndi ku Kangankunde, pafupi ndi minda ya anthu omwe palibe adawafotokozerapo momwe miyalayo idafikira pansi pa chimanga chawo.