Emacs ndi ulendo wa chilembo cha ŵ

Pulogalamu imene ndimalembera kafukufuku wanga wa Chichewa cha ku Ntcheu ndi yakale kuposa ine. Dzina lake ndi Emacs. Inayambira ku MIT, ku America, mu 1976, ndipo mu 1985 Richard Stallman anatulutsa mtundu wake wotchedwa GNU Emacs. Mkati mwake muli chiyankhulo cha makompyuta chotchedwa Lisp, choncho aliyense woidziwa atha kuiphunzitsa ntchito yatsopano.

Anthu sanachedwe kutero. Mu 1987 Masanobu Umeda wa ku Japan analemba GNUS yowerengera nkhani za pa Usenet. Lars Magne Ingebrigtsen wa ku Norway anailembanso m'zaka za m'ma 1990, ndipo ambiri anayamba kuwerengeramo imelo. Mu 2014 munalowanso EWW, yotsegulira masamba a pa intaneti. Ndiye kalata, nkhani ndi tsamba zonse zimafika pamalo amodzi ngati mawu olembedwa basi.

Nanga ife a ziyankhulo zikutikhudza pati? Zikutikhudza pa zilembo. Makompyuta oyambirira ankayendera ASCII, ndondomeko ya zizindikiro 128, yopanda chilembo chilichonse chovala kachipewa. Latin-1, imene inabwera pambuyo pake, inasamala Chifalansa ndi Chipwitikizi, koma ŵ wathu munalibe. Anthu a ku Japan, amene zilembo zawo zinasiyidwanso kunja, sanadikire munthu. Anapanga Mule, yolola Emacs kulemba ziyankhulo zambiri, ndipo inalumikizidwa ku Emacs 20 mu 1997. Kuchokera mu 2009 Emacs imayendera Unicode, momwe ŵ ali pa nambala U+0175. Chilembochi timagawana ndi anthu a ku Wales.

Kuno kwathu nkhani inayenda mwina. Chichewa chinakhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, Chichewa Board inakhazikitsidwa mu 1972, ndipo inatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, 1980 ndi 1990. Mu 1996 ntchitoyo inapita ku Centre for Language Studies ku Zomba. Koma lero tsegulani nyuzipepala muone: "maŵa", "aŵiri" ndi "kudziŵa" akulembedwa ndi w wamba. Ena amati anthu ambiri anasiya kale kutchula liwulo, ndipo n'zomveka. Komabe funso langa ndi lakuti, kodi kiyibodi yopanda batani la ŵ sinathandizireko kuti chilembochi chizilale?

Funsoli limayankhika powerengera, osati pokangana. Apa m'pamene Emacs imandigwirira ntchito. Nditatsegula tsamba mu EWW, ndimakopera mawu ake m'faelo imodzi pamodzi ndi a m'maimelo, kenako ndimauza pulogalamu iwerenge kuti "Malaŵi" walembedwa kangati, nanga "Malawi" kangati. Zithunzi ndimazitseka, ndiye bandulo imakhalitsa. Kwa munthu wa ku Ntcheu palinso phindu lina. Paja pa Lizulu msewu wa M1 ndi umene uli malire, tsidya linalo ndi Angónia, kumene mayina amalembedwa m'kalembedwe ka Chipwitikizi. Faelo yomweyo imasunga ó, ç ndi ŵ, komanso mawu a Chingoni a kwa Inkosi Gomani, popanda chilembo kusanduka kabokosi.

Anzanga ophunzira, a ku Japan aja analowetsa okha zilembo zawo. Ifenso ngati tikufuna kuti pa zakale zolembedwa ndi ŵ pasatayike kanthu pozikopera mu kompyuta, batani lakelo tingadziikire tokha: mu Emacs ndi mzere umodzi wa Lisp.